Momwe mungasankhire masinika oti muzivala tsiku ndi tsiku kuno ku Mulanje

Kuno kwathu nsapato sizikhalitsa. Mvula ikayamba mu Novembala imagwa mpaka Epulo, ndipo tikamati yaleka, chiperoni chimabwera cha mu Juni ndi Julayi n'kunyowetsa udzu ndi tinjira tonse todutsa m'minda ya tiyi. Dothi lathu lofiirali likanyowa limaterera ngati therere, likauma limakanirira m'nsalu osachoka. Ndiye mukafuna masinika oti muzipita nawo kuntchito, kumsika kapena kokacheza, dzina lolembedwa m'mbalimo libwere pambuyo. Nsapato yoyenera kuno imadziwika ndi pansi pake.

Musanachoke pakhomo, yezani phazi. Pondani papepala mutavala sokosi, wina alembe mozungulira ndi pensulo, kenako muyeze ndi rula kuchokera pachidendene kufika pachala chachitali. Yezani mapazi onse awiri, chifukwa anthu ambiri lina limakhala lalikulupo pang'ono, ndipo nsapato mumagulira lalikululo. Nambala ya masentimita imeneyi idzakuthandizani, popeza pansi pa lilime la nsapato pamalembedwa saizi zingapo: ya ku America (US), ya ku Britain (UK), ya ku Ulaya (EU), ndipo nthawi zambiri ya masentimita (CM). Ambirife tinazolowera ya UK. Kwa amuna, 8 ya UK ndi pafupifupi 9 ya US kapena 42 ya EU, koma makampani amasiyana pang'ono. Wogulitsa akangoti "ndi 8 iyi, bwana," tembenuzani lilimelo muone nokha kuti ndi 8 yakuti.

Kumsikako, kaya ndi pa Chitakale, pa Limbuli kapena ku Luchenza, pitani chakumadzulo ngati n'kotheka. Phazi limatupa pang'ono munthu akayendayenda tsiku lonse, moti nsapato imene yakukwanani bwino m'mamawa ikhoza kukuthinani dzuwa likamapendeka. Tengani sokosi zomwe mumavala masiku onse.

Mukaiona yomwe yakukomerani m'maso, itembenuzeni musanaivale. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ineyo zinandionekera. Zaka zingapo zapitazo ndinagula masinika a kaunjika omwe pamwamba anali ngati achoka kumene m'bokosi, zingwe zake zisanade n'komwe. Sabata yachiwiri ndikutsika kuchokera ku Likhubula ndinamva phazi lakumanzere likupendekera mbali imodzi. Nditayang'ana m'mbuyo, tizidutswa takuda tinali mbwee m'njira, soli ikunyenyeka ngati chigumu chogonera. Ndinakafika kunyumba nsapato zili m'manja, ndipo ndalama ija inandiwawa kwa nthawi yaitali.

Chimachititsa zimenezi n'chakuti soli zina amazipanga ndi mtundu wina wa pulasitiki wotchedwa polyurethane, ndipo chinyezi chimaiwononga pang'onopang'ono kuyambira m'kati, makamaka nsapatoyo ikakhala nthawi yaitali osavalidwa. Nsapato ya m'belo imatha kukhala zaka m'kabati ya mwini wake woyamba, kenako n'kuyenda ulendo wautali isanafike kuno. Choncho kuoneka yatsopano sikutanthauza kuti ndi yamoyo. Dinani soliyo mwamphamvu ndi chala chachikulu, muikande pang'ono ndi chikhadabo. Ikamamata, ikatulutsa ufa, kapena mukaona timing'alu tambiri m'mbali, ibwezeni ngakhale mtengo utsike bwanji.

Ikapambana pamenepo, ipindeni. Nsapato yabwino imapindika kutsogolo, pamene zala zimayambira, monga momwe phazi lenilenilo limapindikira poyenda. Ikapindika pakati ngati chikalata, phazi lanu lidzatopa msanga ndipo madzulo mudzamva kuwawa kunsi kwake. Ipotozeninso ngati mukufinya chovala. Iyenera kukanako pang'ono. Popindapo yang'anitsitsani pamene soli yakumana ndi chapamwamba: pakatseguka kakamwa ngakhale kakang'ono, guluu watha mphamvu, ndipo madzi a mu Januwale adzamaliza ntchitoyo.

Onaninso mbali imene imaponda pansi. Masinika ambiri ali ndi siponji yofewa pakati, ndipo kunsi kwake amamatako mphira wolimba. Ena otchipa alibe mphirayo, siponjiyo ndi imene imagunda pansi. Amenewa amapepuka n'kukoma tsiku loyamba, koma pamiyala ndi pa tala amadyeka mofulumira. Funani okhala ndi mphira, wa mizere yakuya yoti chala chimve. Soli ya mizere yosazama, ngati ya nsapato za Converse All Star, ndi yabwino pa simenti ndi pa msewu wa tala, koma m'matope a kanjira kotsetsereka imakusiyani pansi. Ngati ndi ya kaunjika, ikani nsapato zonse ziwiri pamalo osalala, muzione chakumbuyo. Zikapendekera mbali imodzi, ndiye kuti zinatengera kayendedwe ka mwini wake woyamba, ndipo bondo lanu ndi limene lidzalipire.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri saganizira pogula: kodi ikadzamatuka, idzasokeka? Tsiku lina ndinatengera bambo wina wosoka nsapato masinika a mwana wa mchemwali wanga. Anangowagwira, n'kupukusa mutu. "Achimwene, iyi ndi siponji yokhayokha, ulusi sungagwire. Mukanabwera ndi ya mphira ndikanaizunguliza yonse." Kuyambira pamenepo ndimakonda nsapato imene soli yake ndi ya mphira wokwera m'mbali, makamaka yomwe ili kale ndi msoko wozungulira. Ena amakaisoketsa isanayambe n'komwe kumatuka, ndipo ndikuona kuti amachita bwino.

Za pamwamba zimatengera moyo wanu. Nsalu ya timabowo ngati neti imapitisa mpweya, phazi silichita thukuta kwambiri mu Okutobala, koma fumbi ndi madzi zimalowanso momasuka, ndipo chala chachikulu chimaiboola msanga. Kanvasi imachapika koma imachedwa kuuma. Chikopa chenicheni n'cholemererako, komabe mumangopukuta ndi kansalu konyowa n'kupaka polishi, ndipo kwa munthu woyenda m'mame m'mawa uliwonse ndi chimene ndingamusankhire. Chenjerani ndi chikopa chabodza, chimene chimayamba kusupuka popindikira. Za mtundu sindinena zambiri, koma yoyera ndi dothi la kuno mudzakhala mukuchapa Loweruka lililonse.

Tsopano valani, zonse ziwiri, mumange zingwe mpaka pamwamba, muimirire. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa pafupifupi sentimita 1, ndipo zala zizitha kugwedezeka. Yendani ndithu, osati masitepe awiri okha pakatoni yomwe wogulitsa wayala. Chidendene chisamatuluke mukamanyamula phazi, chifukwa matuza amayambira pamenepo. Mukavula, finyani kumbuyo kwa nsapatoko ndi zala ziwiri. Kuyenera kukhala kolimba, kosafwapika. Pisani dzanja m'kati mufufuze msoko wotukuka kapena pong'ambika, ndipo ngati kansalu kopondapo kamachoka, katulutseni muone pansi pake. Akakuuzani kuti "ikuthinani lero lokha, ifutukuka," dziwani kuti chikopa chimafutukuka pang'ono m'mbali, koma palibe nsapato imene imatalika.

Mukatsimikiza, m'pamene muyambe kunenerera mtengo. Dzina la Nike kapena Adidas lisakukwezereni mtengo lokha, popeza zongotengera zadzaza m'misika; zimadziwika ndi guluu wotayikira m'mbali, ulusi wokhotakhota ndi fungo lamphamvu la pulasitiki. Ngati thumba likulola, gulani mapeya awiri apakatikati m'malo mwa imodzi yodula, kuti ina izipuma ndi kuuma pamene mwavala inzake.

Ikanyowa, musaiyandikize pa mbaula kapena pamoto, kutenthako kumasungunula guluu ndipo chikopa chimauma gwa. Chotsani zingwe ndi kansalu ka m'kati, kankhirani manyuzipepala akale mpaka kuzala, muiike pakhonde podutsa mphepo. Nthawi ya chiperoni mapepalawo muwasinthe madzulo ndi m'mawa, chifukwa amanyowa msanga.