Kasungidwe ka mayina achidule a maadiresi mu Mutt

Malangizo awa tawakonza kuno ku Blantyre kuti athandize inu anzathu a ku Chipata, Katete ndi Lusaka amene mumawerenga imelo pa Mutt, pulogalamu ija ya zilembo zokhazokha imene Michael Elkins anayambitsa mu 1995. Ambiri timaikonda chifukwa imayenda bwino ngakhale pa kompyuta yokalamba. Chotopetsa n'kulemba adiresi yonse tsiku ndi tsiku. Mukaphonya chilembo chimodzi, kalata imabwerera, mwinanso kukagwera m'manja mwa munthu wina. Mankhwala ake ndi alias, dzina lachidule loimira adiresi yonse.

Yambani mwapanga fayilo yosungiramo mayinawo. Pa terminal, zenera lija lolembamo malamulo, lembani mizere iyi, umodzi umodzi:

mkdir -p ~/.mutt
touch ~/.mutt/aliases

Kenaka tsekulani ~/.muttrc, fayilo ya makonzedwe a Mutt, muwonjezemo mizere iwiri:

set alias_file=~/.mutt/aliases
source ~/.mutt/aliases

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. Mizere iwiriyi imaoneka ngati ikunena chinthu chimodzi, koma ntchito zake n'zosiyana. Woyamba umauza Mutt kumene izilemba dzina latsopano. Wachiwiri umaiuza kuti izikawerenga fayiloyo nthawi iliyonse ikamatsekulidwa. Mukaika woyamba wokha, tsiku limenelo zonse zioneka zili bwino, mayina amene mwasunga muli mkati mwa Mutt agwira ntchito. Koma mukatseka n'kudzatsekula mawa lake, mupeza mayina onse kulibe. Tinaonapo mnzathu wina muno mu ofesi akulembanso mayina makumi atatu ndi manja, thukuta lili kamukamu, pamene onsewo anali phee mufayilo, kungodikira mzere wa source. Chonde, ikani yonse iwiri.

Tsopano dzina lenilenilo. Mufayilo ya aliases, munthu aliyense akhale ndi mzere wake: liwu lakuti alias, dzina lachidule, dzina lonse, pomaliza adiresi pakati pa zizindikiro < ndi >. Mwachitsanzo:

alias chuma Msungichuma <chuma@example.org>
alias mlembi Mlembi Wamkulu <mlembi@example.org>

Dzina lachidule lisakhale ndi mpata pakati. Sankhani limene simungaliiwale. Ife timakonda kutchula udindo m'malo mwa dzina la munthu, chifukwa komiti ikasintha mumangosintha adiresi, dzina n'kukhala lomwelo.

Ngati mumatumizira anthu angapo uthenga umodzi, apangireni dzina la gulu, muwalekanitse ndi chizindikiro cha koma (,):

alias komiti chuma, mlembi

Palinso njira yachidule imene sifuna kutsekula fayilo. Pamene mwaloza kalata imene mwalandira, dinani a. Mutt ikufunsani dzina lachidule, ikuonetsani adiresi ndi dzina la wotumizayo, kenaka ifunse ngati mwavomereza ndiponso fayilo yosungamo. Werengani adiresiyo bwinobwino musanavomere.

Potumiza, dinani m. Pa mzere wa To: lembani chuma, Mutt iikapo yokha adiresi yonse. Mukakumbukira zilembo zoyamba zokha, zilembeni n'kudina Tab, idzamalizitsa. Mukadina Tab musanalembe kalikonse, mndandanda wonse wa mayina utuluka kuti musankhepo.

Mukawonjezera dzina mufayilo pamene Mutt ili yotsekula, siilidziwa nthawi yomweyo. Lembani :source ~/.mutt/aliases n'kudina Enter, basi lalowa. Kuchotsa munthu, fufutani mzere wake mufayilo n'kutsekulanso pulogalamu. Lamulo la unalias mukalilemba mkati mwa Mutt limangochotsa dzinalo mpaka mutatseka, mufayilo limatsalabe.

Amene mukufuna kuti pa mndandanda wa makalata pazioneka dzina lonse limene munalemba inuyo, osati limene wotumiza anadzipatsa, wonjezerani set reverse_alias=yes mu ~/.muttrc. Mizere yonseyi imagwiranso ntchito mu NeoMutt, pulogalamu ina yochokera ku Mutt. Fayilo ya aliases muzikoperanso pa flash, kuti mukasintha kompyuta mungoibwezera mufoda ya ~/.mutt.