Mukufuna kukapuma kunja pomwe kuli mliri? Yezani kaye izi musanagule tikiti

Anthu ambiri akafuna kupita ku holide kunja nthawi ya mliri funso lawo limakhala limodzi, kodi mu ndege sinditengamo matenda, ndipo akangomva kuti ndege ili ndi zosefera mpweya basi mtima pansi, tikiti agula. Koma ndegeyo ndi kagawo kochepa chabe pa nkhani yonseyi. Musati zinapita izi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse koma mu 2024 nthenda ya mpox inali pakamwa pa aliyense, Rwanda nayo inavutika ndi nthenda ya Marburg chaka chomwecho, ndiye kayezedwe aka mudzakafunabe.

Yambani ndi thupi lanu lomwe. Mnyamata wa zaka 25 wopanda vuto lililonse ndi bambo wa zaka 65 wa shuga ndi BP akhoza kukwera ndege imodzi, kugona hotela imodzi, koma ulendo wawo si umodzi ayi. Covid inkagwetsa kwambiri achikulire, a shuga, a BP, a vuto la mtima kapena impso, onenepa kwambiri, amayi oyembekezera, komanso amene chitetezo chawo chatsika monga omwe asiya kumwa ma ARV. Ngati muli m'gulu limeneli kaonaneni ndi adokotala musanalipire kalikonse. Katemera ngati alipo bayitsani nthawi ilipo, thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kuti limange chitetezo, zobayitsa lero mawa muli pa bwalo la ndege la KIA ndi zongofuna kakhadi basi.

Kenako ganizirani omwe mudzawapeze pobwera, apa ndi pomwe ambiri timalumpha. Inuyo mwina mudzangomva kachimfine, nanga agogo omwe mumagona nawo nyumba imodzi? Kumbukirani Januwale 2021, funde lachiwiri la Covid lija linafika anthu atangoyendayenda pa Khirisimasi, nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama anamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, okosijeni ankasowa m'zipatala mpaka Bingu Stadium inasanduka malo ogonekapo odwala. Ngati kunyumba kwanu kulibe chipinda choti mungadzipatulemo masiku angapo mukabwera, chiwerengereni chimenecho ngati mbali ya mtengo wa ulendo.

Tsopano dziko lomwe mukupitalo. Musamayang'ane chiwerengero cha onse omwe anadwala chiyambireni mliri, chimenecho sichikuuzani kanthu za sabata yomwe inu mukafike. Onani masabata awiri apitawa, odwala akukwera kapena akutsika, zipatala zadzaza kapena ayi, ndipo mwa anthu 100 oyezedwa angati akupezeka nawo. Mu 2020 WHO inkati akakhala osapitirira 5 pa 100 kwa masabata awiri ndiye kuti zinthu zagwirika. Koma chenjerani ndi dziko lomwe lili zii, Tanzania inasiya kutulutsa ziwerengero chapakati pa 2020, pulezidenti wawo wa nthawiyo a Magufuli nkunena kuti Covid yatha m'dzikomo, Zanzibar alendo ali pikitipikiti, pomwe matenda analipo ndithu kungoti samawerengedwa. Kopanda manambala muzikutenga ngati koopsa.

Chomwe chimalemera kwambiri pa sikelo kwa ine ndi zomwe mukachite mukafika. Matenda oyenda mu mpweya amakonda malo otseka, anthu ambiri, nthawi yaitali, anthu akufuula kapena kuimba. Sitima ya pamadzi ya alendo ya Diamond Princess inaima pa Yokohama ku Japan mu Febuluwale 2020 ili ndi anthu 3,711, opitirira 700 anatenga Covid mmenemo, ambiri mwa iwo anthu oti analipira ndalama zambiri kuti akasangalale. Ku Ischgl, katauni ka ku Austria kotchuka ndi masewera a pa chipale, alendo ankathithikana m'mabala madzulo kenako aliyense nkunyamula kachilombo kupita nako kwawo, mayiko angapo a ku Ulaya anakalandira kuchokera pamenepo. Ndiye mukamati ndikupita ku Cape Town kapena ku Dubai simunanene kanthu, funso ndi lakuti mukakhala pagombe ndi kukwera Table Mountain kapena mukakhala mu kalabu mpaka 3 koloko m'mawa ndi m'ma mall tsiku lonse. Lembani pa pepala tsiku ndi tsiku zomwe mwakonza, chilichonse cha mkati mwa nyumba modzaza anthu chongani, mukaona zochonga zachuluka sinthani pulogalamu, idyerani panja, fufuzani chipinda chokhala ndi windo lotseguka osati cha AC yekhayekha, ndipo gulu lanu likhale laling'ono lomwelo osati lero awa mawa awo.

Ulendo weniweniwo nawo uli ndi pake. Ndege zikuluzikulu zili ndi zosefera za HEPA ndipo mpweya umasinthidwa pa mphindi zochepa zilizonse ikakhala m'mwamba, vuto limakhala pa mzere wa pasipoti, m'kabasi kokutengerani ku ndege, pokwera ndi potsika aliyense ataimirira mothinana, ndi maola aja mumakhala pa Addis kapena Nairobi kudikira ndege ina. Ngati pali ndege yolunjika, olo ikwere mtengo pang'ono, tengani imeneyo. Masiki akhale a N95 kapena KN95 ogwira bwino pamphuno, kansalu kolendewera pachibwano nkongonamiza apolisi. Za basi ya ku Joni ndiye musachite kufunsa, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge mumatha kupitirira tsiku lathunthu muli ndi anthu omwewo mawindo otseka, kuonjezapo mizere ya pa boda, pa mliri wa mu mpweya imeneyo ndiye njira yoopsa kuposa zonse.

Pali ngozi ina yomwe si ya m'thupi koma imapweteka zedi, kutsekeredwa kunja. Malamulo amasintha usiku umodzi. South Africa inauza WHO za mtundu watsopano wa Covid pa 24 Novembala 2021, uja anautcha Omicron, pofika pa 28 Novembala Britain inali itaika Malawi, Zambia ndi Mozambique pa red list, mndandanda wa mayiko omwe inkawaona kuti ndi oopsa, ndiye abale athu okhala ku UK omwe anabwera kudzacheza kumudzi pobwerera ankayenera kubindikira mu hotela masiku 10 pa mtengo wa £2,285 munthu mmodzi, kenako pa 15 Disembala lamulolo nkuchotsedwa, amene anali atamaliza kale kubindikira ndalama zawo zinapita basi. Kuno kwathu ndege za anthu zinaimitsidwa pa 1 Epulo 2020 mpaka Sepitembala. Ndiye dzifunseni moona mtima, nditapezeka nako kachilombo tsiku loti ndibwerere, ndili ndi ndalama ya hotela ndi chakudya ya masiku ena 10 mpaka 14? Kuntchito andimvetsa? Ana atsala ndi ndani? Yankho likakhala ayi, ulendowo sunakwane olo thupi lanu likhale lachitsulo.

Gulani tikiti yosinthika deti, yotchipa yosabweza ndalama ija imadzakhala yodula. Inshuwalansi musangolipira, afunseni akulembereni ngati imalipira chipatala mukadwala matenda a mliriwo, ngati imalipira masiku obindikira, ndi ngati imagwirabe ntchito boma likachenjeza anthu kuti asapite dziko limenelo, zambiri zimakana pamenepa. Onaninso masiku omwe akudindirani mu pasipoti, ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku 30 ndipo ukapitirira amatha kukuletsa kulowanso. Mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku nyamulani oonjezera a masabata awiri, m'chikwama cha m'manja osati chopita pansi pa ndege. Ngati dziko lomwe mukupitalo likufuna satifiketi yoti mwayezetsa ndi PCR m'maola 72 werengerani mpaka nthawi yomwe iwo anena, ena amawerenga ponyamuka ena pofika. Zogula satifiketi yabodza zija siyani, mukagwidwa ndi mlandu, mukapanda kugwidwa mwakwera ndege osadziwa ngati mukupatsira anzanu.

Mukabwerako musathamangire kumudzi kukagawa zovala, kumaliro kapena kutchalitchi sabata yoyamba. Kuyezetsa tsiku lomwe mwatsika ndege kumatha kuonetsa kuti mulibe chikhalirecho kachilombo kangolowa kumene, ndiye dikirani masiku atatu mpaka asanu muyezetse, ndipo mukamva kutentha thupi auzeni achipatala komwe mwachokera, komanso ayeze malungo poti zizindikiro zimafanana.

Zonsezi ndatengera Covid poti ndi yomwe tonse tinaiona, koma mliri wina ukabwera yambani mwafunsa kuti ukuyenda bwanji. Mpox imafala kwambiri pokhudzana khungu ndi khungu ndi pogwiritsa ntchito zofunda za wodwala, Marburg ndi Ebola ndi magazi ndi madzi a m'thupi la wodwala kapena womwalira ndipo zimatha kubisala mpaka masiku 21, kolera ndi madzi akumwa ndi chakudya, pa kolerapo masiki sakuthandizani, muyang'ane botolo la madzi, ayisi wa mu chakumwa ndi saladi ya pa hotela.