Kumanga nyumba ndi ndalama za geni, amayi tiyeni tiuzane

Amayi anzanga a tomato, kaunjika, mandasi, makala, ndi inu ochapa m'makomo mwa anthu, ngongole ya nyumba ku mabanki akuluakuluwa amafuna payslip ndi title deed, zomwe ambirife tilibe, nde musavutike kukaima pa mzere kumeneko. Nyumba ya munthu wa geni imamangidwa pang'onopang'ono, chaka chino puloti, chaka chamawa maziko, kenako khoma, mpaka tsiku lina mwatsanzikana ndi alandilodi.

Choyamba musasakanize mpamba ndi ndalama ya nyumba. Ngongole ya banki mkhonde imabwezedwa msanga komanso ndi chiwongola dzanja, pomwe khoma silibereka ndalama, nde mukaitenga nkugulira simenti mwezi ukatha mubweza ndi chani? Ngongoleyo ipite ku geni basi. Ya nyumba ikhale ya masheya pogawana kumapeto a chaka, kapena ya chipereganyu ikafika nthawi yanu yolandira. Katapila yekha ayi, ngakhale bilidala akukakamizeni bwanji kuti tifolere sabata ino.

Tsiku logawana ndalama isagone m'nyumba, chifukwa achibale amamva fungo lake kkk, komanso kwacha yathuyi simukuiona? Mu November 2023 anaitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti, amene anasunga mu mpango analira, amene anali atagula kale malata anaseka. Gulani zinthu zosaonongeka zikakhala, malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, misomali. Simenti musasunge miyezi, amauma yekha m'thumba, mugule bilidala atakonzeka kuyamba. Lisiti iliyonse ilembedwe dzina lanu.

Pa puloti mpamene ambiri amapwetekera. Kaoneni malowo nthawi ya dzinja osati mu October pouma, ndipo mufunse oyandikana nawo kuti madzi amadutsa pati, tonse tinaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu 2023, malo otchipa a m'phiri kapena m'mbali mwa mtsinje asiyeni. Funsaninso ngati sanagulitsidwepo kale kwa wina, zogulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri zilipo zambiri. Ngati ndi m'tauni pitani ku khonsolo kapena ku Lands mukafufuze mwini wake weniweni, chidindo cha amfumu pachokha sichiletsa kugumulidwa ngati malowo ndi a boma kapena a bungwe la boma la nyumba la Malawi Housing Corporation. Pepala la mgwirizano likhale ndi dzina lanu monga liliri pa chiphaso cha unzika, malire, mtengo, ndi mboni za mbali zonse. Ngati mwasonkherana ndi abambo akunyumba mayina alembedwe onse awiri, musachite manyazi apa. Inde lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu ndi mlandu, koma alamu akabwera maliro atatha, mayi amene ali ndi pepala savutika ngati amene akungoti ndinkathandiza nawo. Polipira dzerani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni utsale, meseji musafufute.

Magulu othandiza za nyumba alipo. Pali gulu la anthu ovutika pa nkhani ya nyumba lotchedwa Federation, linayambira ku Mtandire ku Lilongwe mu 2003, limagwira ntchito ndi bungwe lomwe si la boma la CCODE, ambiri mwa mamembala ndi amayi, amasunga ndalama zochepazochepa pafupipafupi ndipo anakhazikitsa thumba lawo la ngongole lotchedwa Mchenga, mpaka anamanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe. Funsani ngati kudera kwanu kuli gulu lawo. Ma SACCO, makopaletivi osunga ndi kubwereketsa ndalama, nawonso amabwereketsa molingana ndi masheya anu. Kulikonse musanasaine funsani kuti zonse pamodzi ndibweza zingati, chikole ndi chani, nanga geni ikavuta ndikachedwa sabata ziwiri muchita chani. Akamazungulira poyankha nyamukani.

Pomanga musayambe ndi chinyumba cha zipinda zinayi chomwe chizaime pa windo zaka zisanu udzu nkumera mkati. Mangani ziwiri kumbuyo kwa puloti ndi chimbudzi, samukiranimo ngakhale pansi pasanaikidwe simenti, ya lendi ija mwezi uliwonse izipita ku njerwa za nyumba yaikulu. Bilidala mugwirizane mtengo wa gawo lililonse, maziko, pa windo, pa lintala, denga, ndipo azilandira akamaliza gawolo osati asanayambe. Zipangizo muzigula nokha, matumba a simenti muziwerenga m'mawa ndi madzulo.

Zidina sizoipa ngati ndalama yachepa, bola maziko akhale a njerwa zootcha ndi simenti, denga lituluke bwino kuti mvula isamenye khoma. Yambani mvula ikangosiya cha mu May, pofika kumayambiriro a November mukhale mutafolera, khoma la zidina lopanda denga silidikira kuti mugawanenso masheya.