Momwe mungakaonere nyama ku South Luangwa kuchokera ku Lilongwe

South Luangwa National Park ili kum'mawa kwa Zambia, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 9,050. Kuchokera ku Lilongwe mtunda wake sukwana makilomita 300. Mukanyamuka m'mamawa, nkhomaliro mukadyera ku Chipata, madzulo mukhala mukumva mvuu zikulira. Chimalepheretsa anthu si kutalika kwa njira ayi, koma mapepala a galimoto, kusankha mwezi wolakwika, ndi kusadziwa kukhala pafupi ndi nyama zakutchire.

Yambani ndi kusankha mwezi. Kuyambira Juni mpaka Okutobala madambo amaphwa, udzu umagwa, nyama zonse zimatsikira kumtsinje, choncho simuvutika kuzifunafuna. Juni ndi Julayi kumazizira m'mawa, tengani juzi, chifukwa galimoto zoonera nyama n'zopanda magalasi m'mbali. Okutobala ndiye mwezi wa nyama zambiri, koma chigwachi n'chotsika kwambiri kuposa Lilongwe ndipo kutentha kumafika madigiri 40. Ngati mukuyenda ndi ana aang'ono kapena achikulire, sankhani Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Mvula ikayamba kuthengo kumakongola ndipo malo ogona amatsika mtengo, koma dothi la m'chigwamo ndi la makande. Likanyowa limamata matayala, ngakhale galimoto yamphamvu imatitimira, ndipo misewu yambiri ya m'kati mwa paki imatsekeka.

Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia. Onetsetsani kuti pasipoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito ndiponso ili ndi masamba odindapo. Ana atengereni zikalata zawo za kubadwa, ndipo ngati kholo limodzi latsala, likulembereni kalata yovomereza ulendowo.

Pagalimoto ndi pamene pagona nkhani. Tengani blue book yeniyeni, osati fotokope yokha. Ngati dzina lili m'bukumo si lanu, kaya galimotoyo ndi ya achimwene, ya kuntchito kapena idakali pangongole ya kubanki, mufunika kalata ya mwini wake yokulolani kutuluka nayo m'dziko, yodindidwa ndi loya kapena komishonala wolumbiritsa. Pitani ku polisi masiku angapo ulendo usanafike mukatenge chikalata chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa. Kukampani yanu ya inshuwalansi gulani COMESA Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yogwira ntchito m'mayiko a bungwe la COMESA. Mukapanda kutero mudzagula inshuwalansi ya ku Zambia pachipata cha m'malire. A MRA adzakupatsani chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi, a ZRA, otolera misonkho ku Zambia, n'kukupatsani cholowetsera. Mudzalipiranso msonkho wa utsi, womwe umatengera kukula kwa injini, ndalama ya msewu, ndi ya khonsolo. Risiti iliyonse isungeni mu envulopu imodzi, chifukwa pa rodibuloko amazifunsa ndipo pobwerera chilolezo cha galimoto chija muyenera kuchibweza. Apolisi a ku Zambia amayang'ananso mathirayango awiri, chozimitsira moto, ndi timapepala tonyezimira pabampala: toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Timeneti matani muli kunyumba, n'totsika mtengo kusiyana ndi chindapusa.

Njira yake ndi M12 kudzera ku Namitete mpaka Mchinji. Chipata cha m'malire cha Mchinji ndi Mwami adachisandutsa choima kamodzi mu Disembala 2022, ndiye zonse za mayiko awiriwa mumathera malo amodzi. Fikani m'mawa mizere ya mathiraki isanatalike. Anyamata osintha ndalama adzakuzingani mukangotsika, athokozeni, pitirirani. Kwacha ya ku Zambia igulireni kubanki kapena kubyuro, chifukwa kuwerengerana ndalama zachilendo mothamanga padzuwa ndi kumene anthu amaberedwa. Amene akudzipereka kukuyendetserani mapepala musawapatse pasipoti, mawindo onse mutha kuyenda nokha.

Ku Chipata thirani mafuta mpaka kudzaza, gulani madzi akumwa, chakudya ndi simukhadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel, yomwe amalembetsa ndi pasipoti. Ku Mfuwe, katawuni ka pafupi ndi polowera m'pakiyi, malo othirira mafuta alipo, koma si a kuwadalira. Kuchokera ku Chipata patsala makilomita pafupifupi 130 a tara, msewu wotsetsereka kulowa m'chigwa, wodutsa m'midzi yodzaza njinga, mbuzi ndi ana asukulu. Musauyende usiku; chakufupi ndi Mfuwe njovu zimadutsa pamsewu ndipo mumdima siziwoneka mpaka mutaziyandikira. Opanda galimoto akwere minibasi mpaka Mchinji, matakisi opakirana mpaka pachipata ndi ku Chipata, kenako minibasi ya ku Mfuwe. Imanyamuka ikadzaza, choncho konzekerani kuti mwina mugona ku Chipata. Za chiyankhulo musade nkhawa: eni dera la Mfuwe ndi Akunda, koma Chinyanja chimamveka paliponse.

Malo ogona otsika mtengo ali kunja kwa paki, m'mphepete mwa Luangwa, pafupi ndi mlatho wolowera. Ambiri ali ndi pokhoma tenti yanu ndi pophikira. Dziwani kuti malowa alibe mpanda, ndipo mtsinje si malire kwa nyama. Njovu zimawoloka n'kumadya masamba pakati pa matenti, mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu pakapinga. Zipatso, makamaka malalanje ndi mango, musasunge m'tenti kapena m'galimoto. Njovu imamva fungo patali ndipo galasi siliyiletsa. Perekani chakudya chanu kuti akusungireni m'chipinda chotseka. Usiku musapite kubafa opanda tochi, ndipo alonda akati dikirani ndikuperekezeni, dikirani. Mukakumana ndi mvuu pamtunda, musaime pakati pa iyo ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumtsinje osapatukira chilichonse. Kumtsinjeko musasambe, musachape, musaime pamphepete penipeni: ng'ona n'zambiri, ndipo gombe la mchenga limagumuka. Anyani ndi apusi musawaponyere chakudya ngakhale ana atachonderera. Akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma.

Pakiyi imayendetsedwa ndi Department of National Parks and Wildlife. Ndalama yolowera amalipiritsa pa munthu aliyense pa tsiku, galimoto payokha, ndipo nzika za mayiko a SADC zimalipira mocheperapo kuposa alendo akutali, choncho pasipoti ikhale m'thumba. Funsani mtengo watsopano kumalo ogona musananyamuke. Oyendetsa okha amalowa kuyambira 6 koloko m'mawa ndipo atuluke pofika 6 koloko madzulo. Kuchoka pamsewu kutsata nyama n'koletsedwa, kutsika m'galimoto paliponse n'koletsedwanso.

Ngakhale muli ndi galimoto yanu, lipirani ulendo umodzi kapena iwiri ya namulondola wovomerezeka. Ndalama imeneyi ndiyo yopindulitsa kwambiri paulendo wonse. Anthuwa amadziwa mtengo umene nyalugwe amakonda kupachikapo nyama, amamva kulira kwa anyani n'kudziwa kuti pansipo padutsa chilombo. Ndi iwo okha amene amaloledwa kuyenda usiku ndi nyali yaikulu, ndipo nthawi imeneyo ndi imene nyalugwe, afisi ndi anungu amatuluka. Ulendo wa m'mawa umayamba dzuwa likutuluka n'kutha cha m'ma 10 koloko, wa madzulo umayamba cha m'ma 4 koloko. Masana nyama zimabisala pamthunzi, inunso pumulani.

Pali nyama zoti muziyang'ane mwachidwi. Akadyansonga a kuno, otchedwa Thornicroft, sapezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'chigwa cha Luangwa. Mbidzi zake, za mtundu wa Crawshay, zili ndi mizere yopyapyala yothithikana mpaka kumiyendo. Puku ndi wofiirira, waubweya wokhuthala kuposa nswala, ndipo amakonda madambo. Kuyambira Seputembala mbalame zofiira zodya njuchi zimaboola mauna mazanamazana m'magombe a mtsinje; imitsani galimoto chapatali, zimitsani injini, muone gombe lonse likuwuluka nthawi imodzi. Chipembere musachiyembekezere, opha nyama mozemba adachimaliza m'pakiyi, ndipo zomwe adabwezeretsa kuyambira 2003 zili ku North Luangwa.

Kuyenda pansi m'tchire ndi kumene kudatchukitsa Luangwa, kuyambira nthawi ya Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, m'zaka za m'ma 1950. Mumayenda pamzere umodzi, msilikali wa zanyama wonyamula mfuti ali patsogolo, namulondola pambuyo pake. Ana osakwana zaka 12 saloledwa. Valani nsapato zotseka ndi zovala za mtundu wa dothi kapena masamba ouma. Lamulo lalikulu ndi lakuti chilichonse chikachitika musathawe. Mkango umathamangitsa chothawa. Imani, mverani zomwe akukuuzani.

Mukamayendetsa nokha n'kukumana ndi njovu, imani patali, injini isazime, ndipo onani kaye kothawira musanayambe kujambula. Ikatambasula makutu, kugwedeza mutu ndi kuponya fumbi, ikukuchenjezani: bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, osaliza hutala. Ikapinda makutu kumbuyo, kutsitsa mutu ndi kupinda chitamba, yatsimikiza, chokanipo msanga. Musalowe pakati pa mayi ndi mwana wake, ndiponso yamphongo yomwe ikuchucha madzi m'mbali mwa mutu ndi kudontha mkodzo m'miyendo ipatseni njira yonse.

Malungo ndi ochuluka m'chigwamo: gonani m'neti, dzolani mankhwala oingitsa udzudzu, ndipo mukamva kutentha thupi mutabwerera kayezetseni tsiku lomwelo. M'nkhalango za mitengo ya tsanya muli akashembe, omwe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu ndipo amaluma kupyola malaya. Tsekani magalasi podutsamo. Pamalo polumidwa pakatupa n'kusanduka chilonda, thupi n'kutentha, auzeni adokotala kuti mudali ku Luangwa kuti ayezenso kaodzera.

Pobwerera musatole kapena kugula dzino, nyanga, chikopa, kapena nyama yam'tchire yowamba, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti idafa yokha. Nyama yofa yokha, makamaka mvuu, yakhala ikufalitsa matenda a anthrax m'chigwachi. Ndipo malamulo a mayiko onse awiri ndi okhwima: ku Malawi, chisinthireni lamulo la zanyama mu 2017, wopezeka ndi minyanga ya njovu atha kukakhala kundende zaka zofika 30.