Musamangodalira rating polosera wopambana pa chess

Inu otsatira mipikisano ikuluikulu ya chess, rating (nambala yosonyeza mphamvu za wosewera) payokha isamakupusitseni. Ku Candidates ya 2024 ku Toronto, mpikisano wopezera munthu wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, ambiri maso anali pa Caruana, Nakamura ndi Nepomniachtchi omwe anali ndi rating yapamwamba, koma anatenga ndi Gukesh, mnyamata wa zaka 17, mapointi 9 pa magemu 14. Ine ndimadikira kaye mpikisano ufike pakati, ndiye ndimaona aliyense watsala kukumana ndi ndani komanso magemu angati atsala oti asewere ndi zoyera, paja zoyera ndizo zimayamba ndiye zimathandizako ndithu. Chachikulu onani mmene munthu akusewerera akangogonja, ena amabalalikiratu koma Gukesh atagonja kwa Firouzja mu raundi 7 sanagonjenso mpaka kumapeto. Magemuwa amaonetsa ulere pa Lichess, webusaiti ya chess.