Mmene Mungapangire Liwu la Vayolini pa Kompyuta

Munthu wofuna kupanga liwu la vayolini kapena chelo pa kompyuta ayenera kuyamba wamvetsa zimene uta umachita pa nsambo. Ubweya wa uta, womwe amaupaka utomoni, umagwira nsambo n'kuikoka, kenaka nsamboyo imapulumuka n'kubwerera msanga, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Hermann von Helmholtz anafotokoza kayendedwe kameneka m'zaka za m'ma 1860. Mphamvu yofika pa kathabwa kochirikiza nsambo imakwera ndi kutsika ngati mano a sowo, n'chifukwa chake ndi bwino kuyambira pa oscillator (kachipangizo ka m'pulogalamu kotulutsa liwu) yotulutsa sawtooth, lomwe ndi funde la liwu looneka ngati mano a sowowo.

Ikani sawtooth pa 440 Hz (kunjenjemera maulendo 440 pa sekondi), yomwe ndi nsambo ya A ya vayolini, kapena pa 196 Hz, nsambo yotsikitsitsa ya G. Liwulo lidzamveka louma ndiponso lolira ngati udzudzu, chifukwa likusowa thupi la chida. Thupilo limapangidwa ndi mafiluta (zosefera liwu) okweza mphamvu ya liwu pa malo ochepa: pafupi ndi 280 Hz, pamene mpweya wa m'bokosi umalirira, pakati pa 400 ndi 600 Hz, pamene matabwa amanjenjemera kwambiri, komanso pakati pa 2,000 ndi 3,000 Hz, pamene pamachokera kuthwa kwa liwu. Mafilutawa asamasunthe pamene noti ikusintha, pakuti bokosi la vayolini silikula kapena kuchepa potsatira nyimbo, ndipo ambiri oyamba kumene amalakwitsa pomwepa.

Liwu liyambe pang'onopang'ono, limodzi ndi kaphokoso kochepa ka kukhula kwa uta. Vibrato, komwe ndi kukweza ndi kutsitsa noti pang'ono mobwerezabwereza, ikhale ya maulendo 5 kapena 6 pa sekondi, koma ilowe noti itayamba kale.

Njira yozama, yomwe ine ndimaiona kuti ndi yoyenera khama lake, ndi digital waveguide, njira yotsanzira kayendedwe ka mafunde pa nsambo, imene Julius O. Smith wa ku yunivesite ya Stanford anaikonza m'zaka za m'ma 1980. Nsambo imaimiridwa ndi ma delay line awiri (mizere yosunga liwu kwa kanthawi isanalitulutse), wina wochokera pa uta kufika pa kathabwa kaja, wina wochokera pa uta kufika pa chala cha woimba. Ngati kompyuta ikutenga masampulo (tizidutswa ta liwu) 44,100 pa sekondi, ulendo wonse wa funde kupita ndi kubwerera pa nsambo pa noti ya A ndi masampulo pafupifupi 100. Pamene ma delay line awiriwa akumana pamaikidwa kachiwerengero koyerekeza liwiro la uta ndi la nsambo, n'kugamula ngati uta wagwira kapena waterereka. Pulogalamu ya STK, ya Perry Cook ndi Gary Scavone, ili ndi chitsanzo chotchedwa Bowed chimene mungayambirepo.

Apa ntchito yaikulu ili pa zinthu zitatu: liwiro la uta, kukanikiza kwake, ndi malo amene wakhudza nsambo. Mukakanikiza pang'ono kwambiri, liwu limapepuka n'kumamveka ngati likhweru. Mukapyola muyezo, limasasa n'kumakwekwereza. Uta ukayandikira kathabwa, umafuna kukanikizidwa kwambiri, ndipo mpata wolakwitsa umachepa. Musasiye manambalawa ali chiimire. Lumikizani liwiro ndi kukanikiza ku gudumu kapena slider (kabatani kotsetsereka) ya kiyibodi ya MIDI, yomwe ndi kiyibodi yoimbira yolumikizidwa ku kompyuta, ndipo muziziyendetsa ndi dzanja kuyambira pamene noti yayamba mpaka itazilala.