Momwe mungasonkhanitsire ndi kujambula makobidi akale osawawononga

Agogo anga atatisiya ku Kawale, m'kachitini kawo ka fodya tinapezamo singano, mabatani ndi khobidi limodzi lobowoka pakati. Linali lakuda bii. Ndinalikwecha ndi phulusa ndi ndimu ngati poto, mpaka linawala kuti mbee, ine n'kumadzitama kuti ndagwira ntchito. M'mawa mwake ndikuliyang'ana padzuwa ndinapeza lakandikakandika ponseponse, ndipo patatha miyezi ingapo linachita mawangamawanga. Ndiye ngati inunso muli ndi makobidi m'kabati, musanawagwire werengani kaye apa.

Choyamba, dziwani chomwe mwagwira

Makobidi amene amapezeka kwambiri m'makomo mwathu ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, omwe anayamba kutuluka mu 1955. Khobidi lalikulu, la mamilimita 27, lili ndi njovu ziwiri zoimirira m'mbali mwa bowo. Laling'ono, la theka, lili ndi akadyansonga awiri. Nkhope ya Mfumukazi Elizabeth simuipezapo ayi, poti pakati pali bowo. Pali dzina lake ndi chisoti chaufumu basi. Mukapeza lobowoka lolembedwa Southern Rhodesia, limenelo ndi la m'mbuyo makobidi a chitaganya asanabwere, ndipo linkayenda kunonso. Dziko litalandira ufulu kunabwera khobidi lathulathu la 1967 ndi 1968, lomwe silinakhalitse chifukwa mu 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha awiri pa paundi imodzi. Pamenepo ndi pomwe tinaona 1 tambala wa tambala uja, ndi 2 tambala wa kambalame ka mchira wautali, kuseri kuli nkhope ya Kamuzu.

Tengani maginito, ngakhale ya m'sipika yakufa. Matambala a 1971 sakakamira chifukwa ndi mkuwa wosakaniza pang'ono ndi zitsulo zina. Oyambira 1984 amakakamira, poti m'kati ndi chitsulo, mkuwawo anangokuta pamwamba. Asiyanitseni, chifukwa achitsulowa amachita dzimbiri msanga.

Kopeza makobidi n'kosavuta. Yambani ndi azakhali ndi agogo kumudzi, kenako funsani kwa ogulitsa ziboliboli ku Old Town. Koma chenjerani ndi nkhani za m'minibasi zoti khobidi lobowoka mungagulire nalo galimoto. Anapangidwa ochuluka zedi, ndipo lofufutika mtengo wake ndi wochepa. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi bwana wogula koma muyambe mwapereka kangachepe, mutsanzikeni.

Chachiwiri, musatsuke

Kuda kuja si litsiro. Ndi chikhungu chomwe mkuwa umadzipangira wokha pakapita zaka, ndipo n'chimene chimauteteza. Odziwa makobidi amayamba kuyang'ana chimenecho, moti lokwechedwa amalizindikira pomwepo n'kutsitsa mtengo. Phulusa, mchenga, viniga, ndimu, polishi, zonsezi zisayandikire. Ngati pali dothi, viikani m'madzi oyera kwakanthawi, mulidinedine pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa osapukuta mokhula, ndipo liume ndithu. Pogwira, gwirani m'mphepete. Thukuta la chala limasiya chidindo chomwe chimadzaonekera patsogolo, osachokanso.

Mukaona ufa wobiriwira wonyenyeka, khobidi limenelo likudyeka. Lichotseni pa anzake mulisunge palokha pouma.

Chachitatu, kujambula

Apa ndi pomwe pali ntchito, ndipo foni yanu yomweyo ikwanira. Chinsinsi ndi kuwala, osati kudula kwa foni.

Zimitsani fulashi, muzimitsenso babu la m'nyumba. Fulashi imagunda khobidi pamphumi n'kubwerera, zolemba zonse n'kusowa, pomwe babu limapangitsa mkuwa kuoneka wachikasu ngati nthochi. Kokerani tebulo pawindo m'mawa, pomwe kuwala kukulowa koma dzuwa silikuwomba patebulopo. Dzuwa la mu Okutobala kuno ku Lilongwe ndi laukali, choncho ngati lalowa, tchingani ndi nsalu yoyera yopyapyala.

Yalani pepala lotuwa kapena nsalu yakuda yopanda ubweya. Chitenje ayi, maluwa ake amalanda maso ndipo amasokoneza mtundu wa chithunzi. Ine ndimaika khobidi pa kachitsekero ka botolo kuti likwere pang'ono, mthunzi wake usamatirire m'mphepete.

Foni musaigwire m'manja. Sanjikizani mabuku, muigoneke pamwamba kamera itatulukira kunja, ikuyang'ana pansi molunjika. Ikapendekeka, khobidi lozungulira lituluka ngati dzira. Musayandikitse kwambiri, chifukwa mafoni ambiri amalephera kuona bwino chapafupi, komanso mumadzitchingira kuwala nokha. Italikireni ngati kutalika kwa chikhatho, mukokere chithunzi kawiri, mudine pa njovu kuti iziwoneka bwino, kenako mutsitseko kuwala pang'ono. Tcherani kuti ijambule yokha pakatha masekondi atatu, dzanja lanu litachokapo. Ndipo pukutani galasi la kamera, fumbi la mumzinda muno sililephera.

Tsopano chinthu chomwe ambiri sachidziwa. Zolemba za pa khobidi zimaoneka chifukwa cha timithunzi take, ndiye kuwala kuzichokera cham'mbali, osati pamwamba. Siyani foni pomwe ili, muzitembenuza khobidilo pang'onopang'ono uku mukuyang'ana pa sikirini. Pali pomwe mufike, makwinya a chitamba cha njovu atulukira okha, ndipo chaka chomwe mumati chinafufutika chiwerengeka. Ndinadabwa tsiku lina kuona 1957 ikutuluka pa khobidi lomwe ndinkaliyesa lopanda chaka. Ngati mbali inayo kwada kwambiri, imikani pepala loyera lopinda moyang'anana ndi windo kuti libwezere kuwala.

Jambulani mbali zonse ziwiri, ndi chithunzi chimodzi muli rula pambali. Mukatha, dulani m'mbali mokha. Zokometsera mtundu zija zisiyeni, chifukwa wogula kapena mnzanu wosinthana naye akadzaona khobidi lenilenilo likusiyana ndi chithunzi, chikhulupiriro chatha. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokumenti kuti chithunzi chisafinyidwe.

Chomaliza, kulemba ndi kusunga

Gulani kope la sukulu. Khobidi lililonse lipatseni nambala, mulembe chaka, dziko, komwe munalipeza ndi amene anakupatsani, ndipo nambala yomweyo ikhale dzina la chithunzi chake. Zoti "ili anali nalo agogo aamuna pochokera ku Wenela" zikapanda kulembedwa lero, zidzapita ndi akuluakulu omwe akuzidziwa.

Lililonse likhale m'kaenvulopu kakekake ka pepala kuti asamakhulane. Pewani timapulasitiki tofewa tonunkha, timene timasiya zomatamata zobiriwira pa mkuwa. Maenvulopuwo aikeni m'chitini chotseka bwino, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo chitinicho chisakhale pansi pa simenti kapena kukhitchini. Mvula ikayamba mu Novembala, muzitsegula kamodzi pamwezi kuona ngati ufa wobiriwira uja sunayambe.

Khobidi la agogo lija ndikadali nalo, ndi nambala 1 m'kope langa. Ndikaliika pawindo, timizere tonse ta phulusa lija timaoneka bwinobwino pa msana wa njovu.